Tsiku Limene Ndinalengeza Kuti a Twaibu Ali Moyo

Ntchito yanga yoyamba inapezeka m'basi ya ogwira ntchito ku Capital Hill, mwini wakene ndili kunyumba ku Area 18 ndikuchapa makatani. Bambo anga ankakwera basi imeneyo m'mawa uliwonse, ndipo ankakhala moyandikana ndi mayi wina amene mlamu wake ankayendetsa kawailesi kakang'ono ku Old Town. Mayiyo anangotchula kuti kuwailesiko akufuna munthu wovuta kumunamiza. Bambo akuti anaseka mpaka kutsokomola. "Ameneyo ndili naye kunyumba," anatero. "Ngakhale ineyo ndikamuuza kuti kunja kukugwa mvula, amayamba watsegula kaye zenera."

Sananame. Ine chibadwire sindikhulupirira msanga, ndipo maphunziro a utolankhani anangowonjezera matendawo. Ndinali nditakhala pakhomo chaka chathunthu satifiketi ili m'sutikesi, choncho Lolemba lotsatira ndinali ndikukwera masitepe opapatiza a wailesiyo, pamwamba pa sitolo ya misomali ndi malata, kufupi ndi msika waukulu.

Abwana anali a Kachingwe, bambo wamfupi wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerengabe nkhani. Za satifiketi sanandifunse n'komwe. Anandikhazika pansi n'kundiuza kuti, "Mwezi watha tinapha munthu."

Zinali chonchi. Wailesiyo inali ndi pulogalamu ya mauthenga a maliro, yomwe inkamveka nkhani za masana zikatha, hafu pasiti thwelofu, n'kubwerezanso sikisi koloko madzulo. Kale anthu ankabwera okha kudzalembetsa, maso ali ofiira, ndipo palibe ankakayika. Koma mafoni atachuluka, mauthenga anayamba kubwera pafoni: chithunzi cha munthu, pambali pake kandulo, m'munsi mawu oti wuse mumtendere. Tsiku lina anawerenga uthenga wotere wa mkulu wina wa m'boma. Abale ake ku Rumphi anamva, anapeza lole, anakweza ufa ndi nkhuni, n'kuyenda mtunda wonsewo akuimba nyimbo za maliro. Atafika ku Area 12 anapeza malemuwo akutsuka galimoto. M'mawa mwake mkuluyo anakwera masitepe aja atamanga tayi, n'kuuza a Kachingwe kuti, "Ndine malemu uja. Ndabwera kudzamva kuti mwambo uyamba nthawi yanji."

Ntchito yanga inali yoti zimenezo zisadzachitikenso. Anandipatsa tebulo pafupi ndi zenera, foni ya ofesi ya galasi long'aluka, kompyuta yakale yomwe inkafuna kuinyengerera, mulu wa mafomu, zolembera ziwiri, chobiriwira ndi chofiira, ndi buku lachikuto chakuda. Uthenga ukabwera ndinkadzaza fomu: dzina la womwalira, dzina la wotumiza ndi ubale wake, komwe kuli thupi, nambala ya munthu wachiwiri, ndipo m'munsi mwenimweni, umboni wolembedwa. Umboniwo unali kalata ya kuchipatala kapena ya kumpingo. Zikakwanira ndinkachonga ndi chobiriwira, fomu n'kulowa mu situdiyo. Zikapanda kukwanira, chofiira, fomu n'kugona mu thireyi.

Zina ndinaziphunzira ndekha. Ndinkayang'ana ngati uthengawo walembedwa ndi wotumizayo kapena uli ndi kachizindikiro kosonyeza kuti wadutsa m'manja ambiri. Chithunzi ndinkachiponya pa intaneti kuti ndione ngati chinayamba chatulukapo kwina, komanso liti. Mawu ojambula ndinkawamvera kawiri, kachiwiriko osamvera wolankhulayo koma zakumbuyo kwake, chifukwa munthu amene akuti ali pasiwa koma kumbuyo kukumveka mpira wa pa wailesi ya kanema, pamenepo pali nkhani. Nambala iliyonse yomwe yatinamiza ndinkailemba m'buku lakuda, pamodzi ndi dzina la munthu amene anamunamizira imfayo. Ndipo bodzalo likakhala kuti lafala kale m'magulu a pafoni, ndinkatenga chithunzicho, n'kudinda mawu ofiira akuluakulu oti BODZA modutsa, n'kuchiika pa tsamba lathu la mchezo.

Chidindo chimenecho ndinkachikonda, ndisaname. Anthu anayamba kuchigawana, ena mpaka kulemba kuti, "Tidikire kaye awailesi anene." Ine pamenepo kudzimva shuga.

Madandaulo analipo tsiku ndi tsiku, ndipo onse ankathera pa liwu limodzi, loti timakondera. Akumpoto ankati timafulumiza a m'chigawo chapakati. A m'chigawo chapakati akangomva kuti woyankha foni ndi Tiwonge Nyirenda, ankati n'chifukwa chake. Asilamu a ku Old Town ankati wailesiyi ndi ya Akhristu. A Kachingwe ankangogwedeza mutu. "Aliyense amene uthenga wake wachedwa amati tikukondera," ankatero. "Iwe tsata fomu." Ine ndinkatsata fomu, ndipo mumtima ndinkati wolira kwambiri za kukondera ndiye woyamba kumukayikira.

Mwezi wanga wachitatu ndinagwira bodza limene linandipatsa dzina. M'magulu munazungulira chithunzi cha telala wina wachikulire, a Twaibu, amene ankasoka pakhonde la sitolo ya nsalu kuseri kwa msika. Anali atavala chisoti choyera, tepi yoyezera ili m'khosi, pambali kandulo ija. Wina anatitumizira kuti tilengeze. Ndinafufuza nambala ya a Twaibu kudzera kwa mwini sitolo, n'kuimba. Anayankha okha, makina akulira kumbuyo. "Ndinangogona kuchipatala masiku atatu ndi shuga, mwanawe," anatero akuseka. "Ndikadafa, mikanjo ya anthuyi akanamaliza ndani?" Ndinadinda BODZA, ndinalemba dzina lawo m'buku lakuda, ndipo a Kachingwe ananditchula pamsonkhano wa Lachisanu pamaso pa aliyense.

Patapita miyezi ingapo, Lachiwiri lina m'nyengo yotentha, a Kachingwe anachoka m'mawa kupita ku msonkhano ku City Centre. Cha m'ma teni koloko foni ya ofesi inalira. Anali bambo wa mawu osasa, anati ndi a Jafali, okhoma zidebe ndi mbaula mumsika, ndipo akulu awo amwalira m'bandakucha kunyumba. Nditafunsa dzina la womwalirayo anati, "Twaibu, telala."

Ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinakoka buku lakuda, dzina lija n'kulipeza pomwe ndinalisiya.

A Jafali anapitiriza mofulumira. Anati abale ena onse awapeza, watsala mwana wamkazi wa malemu, Asiyatu. Anali atangoyamba kumene ntchito ya m'nyumba ku Area 10, yogonera komweko, ndipo palibe ankadziwa nyumba yake. Foni yake abwana ake ankaisunga mpaka madzulo. Anali atatuma kale munthu pa kabaza kukagogoda m'mageti, koma kumeneko ndi mipanda yokhayokha, alonda akungomubweza. "Chimene tikudziwa n'choti amamvera wailesi yanu kukhitchini," anatero. "Tinyamula fili koloko. Tikufuna aone nkhope ya bambo ake tisanamange sanda."

Ndinkadziwa kuti Asilamu sagoneka maliro, amaika tsiku lomwelo, ndipo thupi akalikulunga m'nsalu yoyera ija, yomwe amati sanda, basi, palibenso woona nkhope. Koma m'mutu mwanga munabwera china. Ndinati bodza lililonse limabwera ndi changu, ndipo uyu wabwera ndi changu chokonzedwa bwino, cha mwana wosapezeka ndi foni yotsekeredwa.

"Kalata muli nayo?" ndinafunsa.

"Kalata yanji, mayi? Munthu wafera pakhomo."

"Ndiye ya kumpingo."

"Ife tilibe mpingo, tili ndi mzikiti. Ashehe ali kuno akusambitsa thupi. Ndiwasiyitse kuti azikulemberani kalata?"

Ndinawapempha nambala ya munthu wachiwiri, anandipatsa. Ndinawapempha chithunzi, anati mdzukulu wawo atumiza. Chitafika, chinali chomwe chija: chisoti choyera, tepi m'khosi, kandulo yomweyo, ngakhale kachizindikiro ka kudutsa m'manja ambiri kanalipo. Ndinachiponya pa intaneti, chinatuluka ndi tsiku lake lakale, ndipo pansi pake panatuluka changa chodinda. Ndinaimba nambala yachiwiri ija, inangolira osayankhidwa. Ndinaimba ya a Twaibu, inali yotanganidwa, kawiri konse. Kenako ndinatsegula dzina lawo pafoni, pomwe pamaoneka nthawi imene munthu analowa komaliza. Panalembedwa kuti ali pa intaneti nthawi yomweyo.

Ndinati ndawagwira. Munthu womwalira m'bandakucha akucheza pafoni teni koloko?

A Jafali ataimbanso, ndinawauza kuti popanda umboni sindingalowetse uthengawo. Kenako anafunsa kuti, "Mwati ndinu ndani?" Ndinatchula dzina langa lonse. "Ehe," anatero. "Akanakhala wa kwanu kumpoto, wa tayi, bwenzi mutalengeza kalekale. Ife a zisoti mumationa ngati akuba."

Mawu amenewo anandipsetsa mtima kwambiri, ndipo ndikudziwa tsopano kuti kuyambira pamenepo sindinkafufuzanso, ndinkangofuna kupambana. Ndinachonga fomu ndi chofiira. Nditaona kuti chithunzicho chayambanso kuzungulira m'magulu awiri a amalonda, ndinachitenga, ndinadinda BODZA, n'kulemba pansi pake kuti nkhani ya imfa ya a Twaibu ndi yakale komanso yabodza, anthu asamagawane. Inali isanakwane leveni koloko pamene ndinachiika pa tsamba. Hafu pasiti thwelofu, wowerenga mauthenga anasuzumira pakhomo la situdiyo n'kufunsa ngati pali wina wotsala. Ndinati palibe.

Nthawi ya nkhomaliro ndinatsika masitepe nditatenga foni ya ofesi. Cholinga changa, ndinene mosabisa, chinali chokajambula a Twaibu ali pamakina awo, kuti ndikawonjezere pa tsamba, a Jafali aja achite manyazi. Kuchokera pa wailesi kukafika pakhonde lija ndi ulendo wa mphindi khumi, kudutsa ogulitsa mapaipi, kukhota pa ogulitsa nsapato za kaunjika. Ulendo umenewu ndikanatha kuuyenda teni koloko.

Makina anali pomwepo, koma atafunditsidwa chitenje. Mpando anautembenuza n'kuusanjika pamwamba. Atelala anzawo awiri a pakhondepo kunalibe, sitolo ya nsalu inali yotseka chitseko chimodzi. Mayi wogulitsa nthochi pafupi anandiona ndikuzungulirazungulira, n'kundiuza kuti, "Ngati ndi zovala zanu, mudzabwere sabata yamawa. Atisiya m'mawa uno. Anthu onse apita kumaliro."

Ndinafunsa ngati akutsimikiza, funso lopusa, ndipo mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Nanga anthu angatseke malonda chifukwa cha masewera? Koma akuti awailesi akukana, eti. Kaya anamuona kuti ali moyo."

Ndinathamanga. Nsapato zanga zinali zazitali, ndinazivula pa ogulitsa mapaipi paja n'kuzigwira m'manja. Nditafika ndinayamba ndi kufufuta chodinda chija pa tsamba, koma chinali chitagawidwa kale, ndipo chimene anthu asunga m'mafoni mwawo sungachifufute. Ndinalowa kwa woyendetsa makina kumupempha kuti adule pulogalamu yomwe inali pa mphepo. Anakana. Inali pulogalamu yojambuliratu ya eni ake olipira, ndipo lamulo linali loti wodula ndi a Kachingwe okha. Foni ya a Kachingwe inali yozimitsa, ali mumsonkhano. Ndinaimba, ndinaimbanso, ndinatumiza mauthenga, ndinaimbira ngakhale hotela yomwe kunali msonkhanowo kuti wina akawatulutse. Ndinaimbira a Jafali kuwapempha kuti adikire pang'ono. Anandimvera mpaka kumaliza, n'kunena kuti, "Tadikira kale kuyambira teni koloko," n'kudula.

A Kachingwe anaimba itadutsa fili koloko. Sanafunse zambiri, anangoti, "Dulani, werengani katatu." Uthengawo unamveka, katatu ndithu. Uli mkati momveka kachitatu, ndinaima pazenera langa, ndipo kumunsi kwa msewu ndinaona gulu la amuna ovala mikanjo ndi zisoti likuyenda mofulumira, jeneza lonyamulira thupi lili pamapewa, akulandirana osaima. Magalimoto anapatuka, a kabaza anatsika panjinga zawo. Ine ndinali ndidakali wopanda nsapato.

Ndinayembekezera kuchotsedwa ntchito. M'mawa mwake a Kachingwe anatenga fomu ija, anaiwerenga nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti nditulutse mafomu onse ofiira a miyezi yapitayo. Tinawayala patebulo. Sitinafunike kuwerenga kuti tione chimene chinalipo. Maina ambiri anali a Saidi, Mariamu, Yusufu, Amina, anthu ofera pakhomo n'kuikidwa dzuwa lisanalowe, opanda kalata ya mochale, opanda mlembi wa mpingo wokhala ndi chidindo m'kabati. Ena mwa mafomuwo mwina analidi abodza. Koma ndi angati amene ndinawatsatira kuti ndidziwe? Palibe ngakhale imodzi. Ndinkangoti fomu yakana.

"Fomuyi ndinalemba ndine," anatero a Kachingwe. "Ndinailemba ndikuganiza za maliro a kwathu." Kenako anawonjezera kuti, "Koma chidindo chija unadinda ndiwe. Tipita limodzi."

Tinapita tsiku lachitatu, pamene banja linasonkhananso kudzapempherera malemu. Mayi anga anandibwereka mpango ndi chitenje. A Kachingwe anakhala ndi amuna panja, ine anandilowetsa kwa amayi. Ndili pakhomo ndinaona foni ya a Twaibu ili m'manja mwa mlongo wawo, akuyankhira anthu opepesa, ndipo ndinamvetsa amene anali pa intaneti teni koloko ija. Ndinamvanso kuti chithunzi chija chinali chokhacho chooneka bwino chimene banjalo linali nacho. A Twaibu eni ake ankachikonda, ankati anthu abodza aja anawajambula bwino.

Asiyatu anali wamsinkhu wanga, wowonda, manja ake otuwa ndi sopo. Ndinagwada patsogolo pake n'kunena kuti ndine wa kuwailesi uja, ndine ndinachedwetsa uthenga, andikhululukire. Ndinkaganiza kuti mlandu wanga ndi umenewo, wochedwetsa.

Anandiyang'ana osakwiya, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kutukwanidwa. "Uthenga sunachedwe, achemwali," anatero. "Unandipeza m'mawa."

Anafotokoza pang'onopang'ono. Cha m'ma leveni koloko, bambo wachikulire wosamalira maluwa panyumbapo anabwera pazenera la khitchini ndi foni yake, n'kumuonetsa chithunzi cha bambo ake ndi kandulo. Asiyatu anakhala pansi n'kuyamba kulira. Anavula epuloni, anali wokonzeka kukagogoda kuchipinda kwa abwana kuti amupatse foni yake azipita. Asanatero, bambo uja anabweranso akuthamanga, nkhope ili yowala, n'kumuonetsa china. Chinali chithunzi chomwecho, chodutsidwa ndi mawu ofiira.

"Anati, taona, awailesi ati ndi bodza, ngati ulendo uja," anatero Asiyatu. "Ndinadikirabe mauthenga a masana, sanawatchule. Ndiye ndinati alhamdulillah, ndinasamba kumaso, ndinavalanso epuloni. Kunali alendo tsiku limenelo. Ndinawaphikira mpunga ndikuimba."

Atamva uthenga uja katatu pawailesi, anatuluka osatsanzika. Anakwera kabaza, kenako minibasi yomwe inaima nthawi yaitali pa mlatho, ndipo anafika kunyumba amuna akubwerera kumanda, akusamba m'manja pakhomo.

"Zam'magulu zija sindizikhulupirira," anatero. "Ndinakhulupirira inu."

Mawu amenewo amandimvekerabe mpaka lero.

Sanandichotse ntchito. Ndinakhala pa wailesiyo zaka zina ziwiri. Fomu tinaisintha, ndipo ine ndinayenda m'mizikiti ya ku Old Town ndi madera oyandikira kulemba manambala a mashehe ndi a anthu osambitsa maliro, n'kuwamata pakhoma pafupi ndi tebulo langa. Ena anandipatsa mokondwa, ena anayamba andifunsa kaye ngati ndine mtsikana wa chidindo uja. Ndinkavomera.

Kukayikira sindinasiye, ndipo sindingauze wophunzira ntchitoyi kuti asiye. Mabodza alipo, ndinawagwira ambiri pambuyo pake. Koma ndinazindikira kuti tsiku lija ndinali ndi zifukwa zinayi zokayikira ndipo ndinalibe umboni ngakhale umodzi woti munthuyo ali moyo. Chithunzi chakale chimangonena kuti chithunzicho n'chakale. Foni yoyaka imangonena kuti wina waigwira. Ndikanangolemba kuti sitinatsimikize, Asiyatu akanagogoda chitseko cha abwana ake. Ine ndinalemba kuti ndi bodza, chifukwa munthu wina anandinena kuti ndimakondera ndipo ndinafuna kumuonetsa.

Kuyambira pamenepo ndinaika nsapato zafulati pansi pa tebulo, ndipo chilichonse chimene chili pamtunda woyendeka ndinkapita kukachiona ndi maso ndisanagwire cholembera chilichonse. Chidindo chofiira ndinachigwiritsabe ntchito, koma pokhapokha nditalankhula ndi wamoyoyo, kapena kumuona.

Pano ndimagwira ntchito ina ku City Centre, komabe nsalu ndimagula kuseri kwa msika. Pakhonde paja pamakhala telala wina, pamakina omwe aja. Asiyatu ndinakumana naye kamodzi pamenepo, atanyamula mwana kumbuyo. Tinapatsana moni bwinobwino, anandifunsa za kuntchito, ine ndinafunsa za mwanayo. Ndikutsanzika anatulutsa foni kuti aone nthawi, ndipo pagalasi pake panali bambo ake, chisoti choyera, tepi m'khosi. Kandulo ija ndi mawu ofiira aja anali atazidula, koma pakona ya m'munsi panatsalira kachidutswa kofiira, mwendo wa chilembo chomaliza cha chidindo changa.